Miftah ndi Msilikali wa mu Mchenga

Miftah anabadwa nkhondo ya azungu itatha kalekale, koma m'chipululu cha kum'mwera kwa Alameini, kumene nkhondoyo inamenyedwa, mchenga unali usanaiwale. Mphepo ikawomba, unkalavula zisoti zachitsulo, mipeni ya kumfuti, zigubu za petulo ndi nsapato zouma gwa. Bomba lokwirira linamudya phazi lamanzere akuweta nkhosa, ndiye anasanduka wosula zitsulo. Makoko a zipolopolo ankawasandutsa mabelu a nkhosa, zisoti n'kukhala mbaula zophikira tiyi.

Dzuwa likafika paliwombo, chipululu chikunyezimira ngati madzi, iye ankaona mizere ya asilikali oyenda pansi, mfuti pamapewa, mapazi awo osagunda nthaka. Ankangowayang'ana mpaka asungunuke.

"Anzanu aja adutsanso, bambo a Warda?" ankatero mkazi wake Ghaliya. "Muwauze azibwera ndi shuga."

"Iwe, anthu otopa saseka nawo."

Chaka china, chimphepo cha fumbi chitaleka, anakwera bulu kukasaka zitsulo kuchitunda. Anapeza ngalande yankhondo yafukuka. M'menemo munali munthu atakhala chotsamira, mafupa okhaokha m'malaya osuluka, mfuti ili pamiyendo, botolo la madzi lotsekabe. Kaya anali Mtaliyana, kaya Mngelezi, nsalu inali itasiya kunena.

Miftah anatsetsereka movutikira n'kukhala pambali pake.

"Mtendere ukhale nawe, mwana wa eni," anatero. "Anzako anapita kale. Iwe ukudikira yani?"

Mchenga wokha unkayoyoka m'mapewa a munthuyo pang'onopang'ono, ngati ufa. Miftah anakoleza kamoto, anaphika tiyi, n'kuthirako pansi pafupi ndi nsapato zija. Kenako anavula chofunda chake chaubweya, anamufunditsa, n'kupita kukauza osamalira manda a asilikali. Pambuyo pake anthuwo anadzamutenga m'kabokosi kakang'ono, mfuti inapita kupolisi, ndipo anaikidwa wopanda dzina.

Miftah atafika kunyumba tsiku limenelo, Ghaliya anamulandira manja ali m'chiuno. "Chitsulo mulibe, chofunda mulibe. Bulu yekha ndiye wabwera ndi nzeru."

Atamva nkhaniyo, anakhala pansi.

"Anali wamkulu?"

"Mano onse ali m'kamwa. Mwana chabe."

"Ndiye mayi ake anafa akuyang'ana kunjira," anatero Ghaliya.

M'mawa mwake anakanda ufa wambiri, anaphika mikate, n'kugawa khomo ndi khomo ngati sadaka ya maliro. Anthu atafunsa kuti wamwalira ndani, anangoti, "Wachibale wakutali."