Dothi M'kati mwa Miyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 5 kumishoni ku Bembeke, ndipo m'mutu mwanga munali injini zokhazokha. Lole ikangolira kumsewu wa ku Dedza, ine khasu pansi, liwiro. Ndinkauza aliyense kuti ndidzakhala makaniko, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Girizi. Ndinkalinyadira dzinalo, musaseke.

M'zaka za m'ma 1950 zimenezo, mudzi wathu unkakonza mlatho wa pamtsinje chaka chilichonse mvula isanagwe. Unali wa mitengo inayi yogoneka, nsonga zake zitatsamira pa milu ya miyala, wina tsidya lino wina tsidya lija. Woyang'anira ntchitoyo anali atsibweni anga a Gerevaziyo, alongo awo a amayi, munthu wosalankhula kawiri. Chaka chimenecho anandipatsa mulu wa tsidya lija kuti ndiumange ndekha.

"Miyala yokhayokha mpaka m'kati," anatero. "Wakula tsopano."

Ntchito ili pakati, mnzanga anadutsa akuthamanga, akuti lole ya wamalonda wina wa ku Dedza yafera pachitunda ndipo makaniko akuimasula injini. Mtima unandichoka. Ndinayala miyala kunja kokha, m'katimo n'kuthira zibuma ndi dothi, n'kupondaponda, pamwamba n'kuvindikira ndi miyala ina. Muluwo unaoneka bwino kwabasi. Mawa lake atsibweni anauyang'ana, anagwedeza mutu movomera, amuna n'kugoneka mitengo ija.

Mu Januwale kunagwa mvumbi masiku atatu osakata. M'mawa wa tsiku lachinayi amayi anatuluka m'nyumba ya alongo anga aakulu, a Nasitaziya, amene anali ndi pakati, nkhope itagwa. Azamba anali atalephera, panafunika chipatala cha kumishoni. Amuna anayi anawanyamula pamachila, alamu anga ali kutsogolo, atsibweni ali pambali, ine n'kusenzetsedwa dengu la nsalu.

Titafika pamtsinje tinapeza madzi ofiira akumenya milu ija mpaka theka. Ndinaponya maso tsidya lija. Pakati pa miyala yanga pankatuluka timizere ta matope. Ndikanakhala chete mwina akanawoloka bwinobwino, ndipo palibe akanadziwa. Mwinanso ayi. Alamu anali ataponda kale pamtengo.

"Atsibweni, asawoloke!" ndinakuwa.

"Iwe, watani?"

"M'kati mwa mulu uja muli dothi. Ndinathiramo dothi."

Pankangomveka mkokomo wa madzi ndi kubuula kwa alongo anga pansi pa bulangete. Atsibweni anawoloka okha pang'onopang'ono, nakankha mwala umodzi ndi ndodo. Mwalawo unalowa m'kati ngati chala m'phala, ndipo mtengo wakumphepete unapendekeka. Anabwerera chokwawa.

"Tizungulire kumtunda, kumlatho wa boma," anauza onyamula aja. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Ulendo wa ola limodzi unatitengera maola anayi, m'matope, kukwera ndi kutsika zitunda, onyamula akuterereka. Ndinapemphera Tikuoneni Mariya mpaka mawu anandisokonekera m'kamwa. Kuchipatala asisitere anawapulumutsa alongo anga. Mwanayo, wamkazi, sanalire. Ndili pakhonde ndi dengu langa, ndinamva sisitere wina akufunsa amayi motsitsa mawu kuti, "Munachedwa kuti, amayi?"

Ndinkadikira chikwapu. Kunena zoona ndinkachifuna, bwenzi chitandipepuza. Atsibweni sanandimenye. Mvula itakata ananditengera kumtsinje, tinagumula mulu wonse ndi kuumanganso awiriwiri, mwala umodziumodzi, masiku asanu osayankhulana. Tsiku lomaliza, akusamba m'manja, ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Wowoloka sayang'ana pansi pa mlatho, mphwanga. Amangokhulupirira iwe."

Patapita zaka ndinapeza mwayi wokaphunzira uinjiniya kuyunivesite kunja kwa dziko. Fomu yake inali ndi mizere itatu: za makina, za magetsi, za misewu ndi milatho. Aphunzitsi amene anandibweretsera fomuyo anaseka, amvekere, "Girizi, apa ndiye n'posafunsa." Sindinama, dzanja linkafuna mzere woyamba, ndipo injini ndimaikonda mpaka lero. Ndinakhala nayo fomuyo sabata yathunthu. Ndinachonga wachitatu.

Ndamanga milatho yambiri m'dziko muno, ndipo amisiri ankadana nane chifukwa ndinkawagumulitsa khoma lokongola kuti ndione za m'kati. Ankati mdala ameneyu ndi wovuta. Sankadziwa kuti ntchito imeneyi sindinaisankhe chifukwa choikonda, koma chifukwa ndinaona chimene chimachitika wina akaigwira mothamanga. A Nasitaziya sanandinenepo mawu amodzi oipa mpaka kumwalira kwawo. Anadzabereka ana ena asanu, onse anakula. Koma mlendo akawafunsa kuti ali ndi ana angati, ankayankha kuti asanu ndi mmodzi.