Chiliza cha Agogo Anga

Amayi atandituma kukafufuza pomwe anaikidwa bambo awo, ndinakwera minibasi pa Rufunsa ndikudzimva ngati wapolisi. Agogowo anali munthu waganyu, ndipo anafera kuchipatala cha mishoni amayi akadali kubere. Kumishoniko akatekisiti ananditsegulira buku la ubatizo, koma chiswe chinali chitadya pakati ponse. M'buku la maukwati munalibe dzina lawo, poti iwo ndi agogo aakazi anangotengana.

"Osauka ankaikidwa kuseri uko," anatero akatekisiti, akuloza mitumbira yopanda mitanda m'tchire. "Ine sindipitako."

Inenso sindinapiteko. Ndinaima patali dzuwa lili pamutu, kenako ndinabwerera kwathu. Koma Loweruka nditabwera ndi amayi, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Mwanangu, ali pati atate?" Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Ndinaloza mtumbira wina, ndipo ndinausankha chifukwa unali pafupi ndi njira basi.

Tinamangapo chiliza cha simenti n'kulembapo dzina la agogo.

Chaka chino tinapita kukalambula. Tinapeza wina atalambula kale, ndipo pamwamba penipeni pa dzinalo anasiyapo kakapu ka mwana, koboola pansi monga amachitira ndi ziwiya za akufa. Amayi anakatola, anakayang'anitsitsa, n'kukabwezera pomwepo. Kenako tinakwera minibasi kubwerera kwathu.

"Ine ndikafa, undiike pambali pa atate," anatero osandiyang'ana. "Wodziwa malo ndiwe."

Ndinavomera.