Mabuleki Anga Anali Nsapato

Ine si munthu wabodza, koma ili lokha ndinanama.

Matipate atangoyamba, ndinali ndi njinga yamoto yomwe ndinkayendera pakati pa Mitundu ndi Nathenje pogula mtedza. Mabuleki ake anatha kalekale. Pofuna kuima ndinkangokwekweretsa mapazi pansi, ndipo ndinkadziona wanzeru.

Tsiku lokaiyezetsa ku Lilongwe ndinaitsuka mpaka kuwala. Woyeza njingayo, mwana woti ndikanatha kumubala, anati, "Madala, thamangani pang'ono, mukaime pamzere apo."

Ndinathamanga. Mzerewo ndinaudutsa mapazi akulima fumbi, mpaka ndinakalowa mumpanda wamaluwa. Nsapato imodzi inatsala m'mbuyo. Iye anaitola, nandipatsa ndi manja awiri.

"Buleki yanu iyi, madala. Mwaiwala."

Kumudzi ndinauza anthu kuti andikaniza chiphaso cha njingayo chifukwa cha chipani chomwe ndinavotera. Amuna anzanga anapukusa mitu, wina mpaka anandigulira tiyi pondipepesa. Mayi a kunyumba okha sanapukuse mutu. Anatembenuza nsapato zanga, nalowetsa chala pachibowo cha kuphazi.

"Bambo, nazonso izi zinavota molakwika?"

Ndinawauza kuti mwamuna safunsidwa zandale pakhomo pake. Kutacha ndinakagula mabuleki, koma ku Nathenje, kumene anthu akumudzi kwathu sakanandiona.