Mtengo wa Kulambula Manda a Mayi Amina

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine sindigula chinthu pa mtengo umene mwini wake watchula. Ngakhale singano. Mayi a kunyumba anasiya kupita nane kumsika tsiku limene ndinanenerera mulu wa tomato mpaka wogulitsayo anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Koma alipo munthu mmodzi amene wandigonjetsa zaka zonsezi: a Yusufu, mmwenye wa sitolo ya pa Santhe. Kuno timawatchula kuti a Sindidyapo, chifukwa ukangoti "chotsaniko pang'ono", iwo amagwira pamtima n'kunena kuti, "Achimwene, pamenepa ine sindidyapo." Munthu wakhala osadyapo kuyambira ndili mnyamata, koma lamba akungoboola mabowo atsopano.

Mwamva kale kuti amwenye a masitolo a m'midzi akusamukira m'mizinda. Lamulo ndi lamulo, ndipo ine khadi langa la chipani limakhala m'thumba la malaya, kumanzere, pafupi ndi mtima. Zimenezo tazisiya pomwepo. Chimene chinandigwira ine n'chakuti Lachinayi lapitali linali tsiku lawo lomaliza pa Santhe, ndipo munthu amene akutseka sitolo salimba pa mtengo. Pashelefu pawo panali nyali yopopa imene ndakhala ndikuisirira chigulitsireni fodya wanga woyamba. Ndinavala malaya ong'ambika pakolala, amene ndimasungira ntchito yomweyi, n'kupalasa njinga.

Ndinachedwa. Mashelefu anali mbee. Pakhomo panaima lole yodzaza mpaka pamwamba, ndipo nyali yanga inali penapake pansi pa matiresi.

Loleyo, ndinamva, inatumizidwa ndi amwenye anzawo a ku Lilongwe. Kumeneko akuti anapanga kagulu kolandira anzawo ochokera m'midzi: amatumiza galimoto, amakupezera chipinda kuseri kwa sitolo ya wina, amakuonetsa ofesi yolembetsera, ndipo mlungu woyamba sukoleza moto, chakudya chimabwera chokha. Koma amene anakweza katunduyo sanali amwenye. Anali anthu athu omwewa, amene pa Santhe amadziwika kuti a Pakhonde.

A Pakhonde alibe wapampando, alibe chidindo. Anayamba ndi maliro. Chaka china nthawi ya dzinja, akazi a Yusufu, Mayi Amina, anamwalira mlatho utamira, ndipo panalibe njira yotengera thupi kwa anzawo ku Lilongwe. Asilamu a pamsika anasambitsa ndi kupempherera, Achewa oyandikana nawo anakumba m'dothi lonyowa kuseri kwa mzikiti, amayi a kutchalitchi anaphika. Maliro atatha, anthuwo sanabalalike. A Yusufu akadwala, a Pakhonde ndiwo ankatsegula sitolo; wina wa iwo akadwala, galimoto ya a Yusufu ndiyo inali ambulansi. Amakumana pakhonde la sitolo, ndiye dzina lake.

Tsono Lachinayi lija ndinapeza lole ikulira, dalaivala akuyang'ana dzuwa, koma a Yusufu atakhala pa bokosi lopanda kanthu, manja atapinda. Pafupi nawo panatsala chinthu chimodzi chokha: makina osokera amene Che Jafali, telala wa pakhondepo, akhala akupondaponda zaka zambiri ngakhale kuti mwini wake ndi a Yusufu.

"Bambo, tiyeni," anatero dalaivala. "Mawa ndili ndi banja lina ku Chamama. Mukatsala lero, mugona m'nyumba imene si yanunso."

"Sindikwera," anatero a Yusufu. "Sitinagwirizane."

Ndinafunsa Mayi Naphiri, ogulitsa zitumbuwa, amene amalankhulira amayi a m'gululi, kuti chavuta n'chiyani.

"Ndi manda a Mayi Amina," anatero. "Tawauza kuti tizilambula ife, chaka ndi chaka, pamodzi ndi a abale athu. Iwo akuti tilandire makinawa. Kodi munamvapo kuti munthu walembedwa ganyu yolambula manda a mnzake? Akufuna anthu azitiloza kuti awo amadyera pa maliro?"

A Yusufu anadzutsa mutu. "Mayi, ine ndakhala kuseri kwa kauntala moyo wanga wonse. Munthu akanena kuti 'ndibwera mawa', sabwera. Amene wasiya kanthu m'manja mwako ndiye amabwera. Chinthu chopanda mtengo chimaiwalika. Chaka chino mulambula, chaka chamawa mulambula, kenako udzu. Tengani makina, mtima wanga ukhale pansi."

"Sititenga," anatero Che Jafali. Pakamwa pankakana, koma dzanja linali likusisita makinawo ngati msana wa mwana.

"Ndiwonjezapo sikelo."

"Mukuonjeza chipongwe," anatero Mayi Naphiri.

Abale anga, ndaona malonda ambiri pa moyo wanga, koma awa anali achilendo. Wolipira akukweza mtengo, wolandira akutsitsa. Ndinaima pamenepo ngati munthu amene wapeza njinga ikuyenda chobwerera m'mbuyo.

Ndipo ndi pamene Mayi Naphiri ananditembenukira. "Inu a kolala yong'ambika, si inu mumadzitama kuti palibe malonda amene amakukanikani? Tathandizani apa. Kapena luso lanu limathera pa tomato?"

Ndinayamba monga ndimayambira nthawi zonse, kufuna pakati. Ndinati a Yusufu asiye sikelo yokha, makina apite. Onse anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndinati makinawo akhale obwereka. A Yusufu anati chobwereka chimabwezedwa, ndipo tsiku lobweza ndilo tsiku losiya kulambula. Ndinazindikira kuti apa pakati palibe. Wina akuopa kuti mkazi wake aiwalika, ena akuopa kusanduka antchito. Theka la mantha awa ndi theka la mantha awo sizipanga mtengo.

Dalaivala analiza hutala.

Chimene chinandipulumutsa ndi nkhuku yanga. Pa maliro a malume anga chaka chatha, adzukulu, anthu aja amakumba manda ndi kugwira ntchito zonse za pamaliro, anagwira tambala wanga wamkulu ine ndikuona, n'kumandiseka kuti ndi wowonda. Sindikanaletsa. Mdzukulu salipidwa, koma amalanda, ndipo akakulanda ndiye kuti chibale chamangika: iwe ndi iye mudzaikana mpaka kalekale.

"Mayi Naphiri," ndinatero, "kodi amene anakumba ndi kuphika pa maliro a Mayi Amina si inu nomwe? Ndiye kuti ndinu adzukulu a pakhomo pano. Munalandapo chiyani chaka chimenecho?"

Anaganiza. "Palibe. Tinkaopa. Tinkati mwina kwawo sizitero."

"Ndiye mwachedwa zaka zonsezi."

Ndinawafotokozera a Yusufu kuti iwo saloledwa kupereka kanthu, koma anthuwa ali ndi ufulu wotenga chimene afuna, ndipo akatenga sangadzathawenso manda aja, chifukwa mudzi wonse waona. Anamvetsera ngati mmene amamvetserera ndalama yachitsulo akaigwetsa pa kauntala.

"Ndiye ine ndichite chiyani?"

"Mudandaule. Mukapanda kudandaula ndiye kuti mwapereka."

Mayi Naphiri sanadikire. Anakwera tayala la lole, chitenje atachikwinya, n'kusolola makasu awiri atsopano ndi chikwanje. "Nkhalamba yaumbombo iwe," anatero, "zaka zonsezi kutigulitsa mchere wonyowa kuti ulemere pa sikelo. Izi zapita."

Aka kanali koyamba kumva munthu akunena a Yusufu kuti "iwe". Kenako a Yusufu anagwira pamtima.

"Mayi, makasu amenewo ndi a ku Limbe. Mwandipha. Pamenepa sindidyapo."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Che Jafali anandikoka malaya n'kundinong'oneza, "Achimwene, kodi Myao angalandenso, kapena ndi za Achewa okha?" Ndisanayankhe, anali atasenza kale makina, akuthamanga nawo ngati nyumba ikupsa, a Yusufu akuwakuwira m'mbuyo kuti ndi mbala yopanda manyazi, misozi ili mbwe, mano onse ali panja.

Mayi Naphiri anawonjeza kuti mwini maliro sangomusiya mdzukulu ndi njala: mwezi wolambula manda, fodya akatha, a Yusufu azibwera pa basi ndi shuga ndi masamba a tiyi. Iwo anati mapaketi awiri. Mayiwo anati asanu. Anagwirizana atatu, ndipo ndinaona nkhope ya mkuluyo ikubwerera m'malo mwake. Anapita kuseri kwa mzikiti okha, anakhalako pang'ono, anabwera n'kukwera kutsogolo kwa lole osatembenukanso.

Ine malipiro anga? Mayi Naphiri anandipatsa limodzi la makasu aja kuti ndizisunga kwathu, n'kunena kuti popeza ndine ndinabweretsa nzeruzo, chaka chino mzere woyamba wolambula manda ndi wanga. Munthu amene sanagonjepo pa tomato, ndinapalasa njinga kubwerera ndi ntchito ya moyo wonse imene sindinanenerere n'komwe.

Panjira ndinkaganiza. A Yusufu ali ndi mwayi kawiri. Kumene akupita kuli anthu owadikira ndi chipinda chosesa, kumene achoka kuli anthu otsala ndi khasu. Ambiri a ife timangoona lole ija n'kumati amwenye amagwirizana chifukwa ali ndi ndalama. Koma a Pakhonde ali ndi ndalama zanji? Telala, mayi wa zitumbuwa, wokonza njinga. Chimene anachita n'chakuti tsiku lina mvula ikugwa anakana kunena kuti maliro awa si athu.

Ndipo taonani nthawi imene zinawatengera kuti amulande mkuluyo khasu. Ankadya naye, ankamudwazika, koma pa chinthu chimodzi chimene chikanamusandutsa mbale, ankati "mwina kwawo sizitero". Ulemu wathu nthawi zina ndi mpanda. Mlendo timamupatsa mpando wabwino zaka makumi atatu, osamupatsa mpata woti timutukwaneko pang'ono ngati mnzathu.

Tsono si amwenye okha amene amabwera kuno n'kudzachoka. Chaka chilichonse malole amatsitsa matenanti m'maesiteti a fodya, anthu a ku Mulanje, a ku Thyolo, ena olankhula zinenero zimene sitizimva bwino. Iwo alibe kagulu kotumiza galimoto. Fodya akagulitsidwa amakwera lole ina, ndipo si onse amene amakwera.

Njira yanga yochokera ku Santhe imadutsa m'mphepete mwa esiteti ina. Pamenepo, kuseri kwa zigafa za fodya, pali timitumbira tinayi, tiwiri tating'ono kwambiri. Ndadutsapo kambirimbiri, ndipo Lachinayi ndi tsiku loyamba limene ndinatsika panjinga. Udzu wake umandifika m'chiuno, ndipo mwezi wamawa anthu ayamba kutentha tchire.

Manda amenewo sanadzikumbe okha. Alipo anthu a kuno amene anagwira makasu tsiku limenelo, ndipo mwina ena mukuwerenga pano. Kodi makolo a ana awiri aja, pokwera lole yobwerera kwawo, alipo amene anawalanda ngakhale supuni?