Njinga ya Che Jafali Padzuwa

Ndikakumbukira Che Jafali, ndimamva fungo la sulushoni womatira chubu, losakanikirana ndi la matemba ouma a ku Chilwa ndi utsi wa mankhusu a mpunga umene unkafuka kuseri kwa nyumba yawo m'mawa. Nyumba yathu ndi yawo zinkalekanitsidwa ndi mzere wa chinangwa basi. Ife tinali a tchalitchi cha ku Mishoni, iwo Asilamu, ndipo nkhuku zathu sizinkadziwa zimenezo, zinkadyera pabwalo limodzi. Tambala akangolira ndinkamva kulira kwa pampu, fwii, fwii, kenaka kachetechete, Che Jafali akutsina tayala ndi chala ngati mayi wosankha mapeyala pamsika.

Anali munthu wamtali, wowonda, wosathamangira mawu. Ntchito yawo inali kugula matemba n'kumagulitsa m'midzi ya ku Domasi mpaka ku Naisi, ndipo zonsezo zinkadalira njinga imodzi yakuda yomwe chubu chake chinali ndi zigamba zambiri kuposa malo abwino. Njingayo ankaisamala mochititsa manyazi. Akafika pakhomo la munthu, moni unkadikira, iwo n'kuyamba afunafuna mthunzi woimikapo njinga. Mthunzi ukakhala wochepa, njinga ndiyo inkalowamo, mwini wake n'kukhala padzuwa. Amayi a m'mudzi ankawaseka akazi awo kuti, "Inu ndinu mkazi wamng'ono, wamkulu ndi uja wogona pakhonde." Akazi awowo ankangoyankha kuti bola mnzawoyo sadya ndiwo.

Ife ana tikawafunsa Che Jafali chifukwa chake, ankatiuza kuti, "Mpweya uli m'katimu sugona, mwanache. Dzuwa likauwotcha umayamba kuthamanga, n'kumamenya khoma kufuna potulukira. Ukaupanikiza m'mawa, masana ukubwezera." Tinkaseka, poti ndani anaonapo mpweya ukuthamanga?

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ine ndili mu Sitandade 2, bambo ali ku migodi ku Joni. Ndinadzitema ndi khasu paphazi tikusosa kumunda. Mayi anatsuka bala ndi madzi amchere n'kumanga kansanza, ndipo tonse tinati zatha. Sizinathe. Phazi linatupa, kutupako kunakwera mpaka m'bondo, thupi linatentha, ndipo tsiku lina chakumasana ndinayamba kulankhula ndi anthu omwe panalibe. Mayi anathamangira kwa Che Jafali opanda ndi mpango womwe kumutu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, komanso unali mwezi wa Ramadani. Che Jafali anali asanalawe kanthu, ngakhale dontho la madzi, chiyambire mbandakucha. Anabwera ndi njinga, anayang'ana mwendo wanga. Kenaka anagwada pa tayala lakumbuyo n'kuyamba kutulutsa mpweya.

"Che Jafali, mwana akufa, inu mukuphwetsa njinga?" anakuwa mayi.

"Ndinapopa kukuzizira, amake Fanesi. Mchenga wa lerowu ndi moto. Chubu ichi chikaphulika panjira, chinanso ndilibe."

Anachotsa dengu la matemba, anayala thumba pa kaliyala, anandikhazikapo, mayi n'kundimangirira kumsana kwa Che Jafali ndi chitenje kuti ndisagwe. Pa handulo anakolekapo kachitini. Tsaya langa linatsamira pa mkanjo wawo, ndipo mpaka lero ndimakumbukira mafupa a msana wawo akusuntha pamene ankapalasa, thukuta lawo likunyowetsa khutu langa, anyenje akulira m'mitengo ngati akulira m'mutu mwanga momwe. Mayi ankatsatira wapansi, akuthamanga.

Pa kamtsinje koyamba anaima. Anatsika mosamala ine ndili kumsana, anatunga madzi ndi kachitini, anandimwetsa, ena anandithira kumutu. Otsala anathira pa matayala, pang'onopang'ono, akuzungulitsa gudumu, kenaka anatunganso, anathiranso. Mayi anatipeza pomwepo ali wefuwefu.

"Mwaimiranji? Kodi mwabwera kudzasambitsa njinga?"

"Ndikuuziziritsa mtima mpweyawu, ungatitaye," anatero Che Jafali, n'kukwera.

Anachita chimodzimodzi paliponse pamene panali madzi, ngakhale pa chithaphwi cha m'dimba la munthu. Ine ndinkangofuna kuti tifike, ndipo kuima kulikonse kunkandipweteka kuposa mabampu. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinadana nayo njinga ija. Pa mtsinje wa Domasi ndinawaona atagwira kachitini, milomo yawo itauma mpaka kuchita mamba oyera. Madzi ankadutsa m'zala zawo kupita pa tayala. Mayi, amene anali atatipezanso, ukali unawathera.

"Imwani pang'ono, bambo. Mulungu wanu akuona, sangakukwiyireni."

"Sangakwiye, n'zoona," anayankha. "Koma mphamvu zikadalipo. Zikatha ndikuuzani."

Sanawauze. Chitunda chomaliza anakwera akupalasa choimirira, ine ndikulendewera kumsana, mpweya wawo ukulira ngati pampu yawo ija. Titafika pachipatala sanayang'ane kumanzere kapena kumanja. Panali mtengo wa mango pafupi ndithu, wamthunzi wabwino, koma iwo anangoisiya njinga igwe pabwalo pamchenga, n'kuthamanga nane kulowa m'kati akufuula, "Adokotala! Mwana uyu!" Anakana kundimasula mpaka namwino atawalozera bedi, ndipo pamene ankandibaya jakisoni n'kutsegula bala, anandigwira mutu ndi manja awiri akunong'ona mapemphero awo. Mayi atafika anayamba awo, ndipo m'chipindamo munali mapemphero a mitundu iwiri, palibe anauza mnzake kuti achepetse.

Tili momwemo kunja kunamveka phuu! Amayi odikira odwala anabalalika, wina anataya mphika wa phala, mlonda anabwera ndi chibonga. Che Jafali anasuzumira pawindo, anayang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera pa bedi langa. Chubu chinali chitang'ambika kutalika ngati dzanja, tayala lomwe litachoka pa limu.

"Pepani, Che Jafali," anatero mayi, misozi ili mbwembwembwe.

"Chadikira tifike," anatero iwo. "Chili ndi ulemu."

Namwino anauza mayi kuti tikanagona nalo balalo tsiku lina, mwendo ukanavuta kuupulumutsa, mwinanso mwini wake yemwe. Che Jafali anabwerera kumudzi madzulo akukankha njinga yophwa, ndipo anamasula kusala kwawo panjira ndi madzi opempha pakhomo la munthu. Chubu china sichinapezeke msanga. Ine nditatuluka m'chipatala ndinawapeza akuyenda wapansi, dengu la matemba lili pamutu, anthu akuwaseka kuti mkazi wamkulu wawathawa.

Patapita zaka, ku sekondale, aphunzitsi a sayansi anatifotokozera kuti mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, toyenda mosapuma, ndipo mphamvu imene umakankhira khoma la chotengera imachokera ku kugunda kwa tinthuto. Kanthu kotere kakakhala kolemera kapena kothamanga kwambiri, kamagunda mwamphamvu. Kutentha kukakwera liwiro limakwera, kugundako kumachuluka, ndipo khoma likakhala lofooka limagonja. Anzanga ankalemba mwakhama. Ine ndinangokhala, cholembera chili m'manja, ndikuona madzi akutsika m'zala za munthu waludzu. Aphunzitsi anandifunsa ngati ndikudwala.

Che Jafali ndi akazi awo sanakhale ndi mwana. Kwa Ayao, mtundu wawo, mwana wamkazi amatchedwa Abiti kenaka dzina la bambo ake, ndipo kuyambira tsiku limene ndinabwera kuchokera kuchipatala ndikutsimphina, iwo anasiya kunditchula Fanesi. Anandiona ndikudutsa pa chinangwa paja, anatula dengu pansi, n'kunena mokweza kuti mudzi wonse umve, "Wabwera Abiti Jafali!" Bambo atabwera kuchokera ku Joni n'kumva nkhani yonse, sanatsutse, anangopita kukawagwira chanza ndi manja awiri.

Che Jafali anamwalira kalekale. Pa mapepala anga onse pali dzina la ubatizo ndi la bambo anga ondibala, ndipo ndimalinyadira. Koma ndikatsika basi ku Domasi, ndikuyenda ndi miyendo yanga iwiri, okalamba otsala amandiitana ndi dzina linalo, ndipo ndimayankha msanga kuposa m'mene ndimayankhira langa.