Gitala Yosaluma Zala

Ndinaphonyanso waya wachitatu, ng'oma n'kuleka.

Tinali ku Joni, m'kanyumba ka malata ku Chaneng, Lamulungu masana, mu 2011. Kunja mphepo inkamenyetsa fumbi la ku migodi pachitseko. Loweruka lotsatira tinkayenera kukaimba pa ukwati ku Phokeng, mnzathu wa ku Dedza akukwatira mkazi wa Chitswana. Chiyambire gulu lathu, wotsogolera pa gitala ndinali ine. Tsiku limenelo malowo anali kundipulumuka.

Gitala imene ndinkaimba tsikulo inali ya mnzathu wa ku Tete, wa zamagetsi pa mgodi. Anaigula m'tauni ku Rustenburg. M'mimba mwake munali kakompyuta ndi batire. Ukapotoza kabatani imalira ngati banjo. Ukapotozanso, ngati gitala ya bokosi, kenako ya mawaya khumi ndi awiri. Mkulu wa gulu, bambo a ku Mangochi oimba ng'oma, anali atagamula kuti ku ukwati kupita imeneyo basi. Akuchimuna ankafuna banjo ya kumudzi, akuchikazi ankafuna zawo zakuno, ndipo m'takisi simukanakwana magitala onsewo.

Inali yopepuka. Khosi losalala, mawaya opyapyala ngati ulusi, atagona pafupi ndi thabwa. Mwiniwake ankanyadira kuti ngakhale khanda likhoza kuidinikiza.

Vuto linali lomwelo. Ntchito yanga inali yoboola mwala pansi. Makina oboolera aja, jekihama, amagwedeza manja tsiku lonse, ndipo nsonga za zala zanga zinali zitachita dzanzi losatha. Batani la malaya ndinkamanga moyang'ana. Sindinauze munthu. Ukadandaula za manja amakutumiza kwa dokotala, ndipo ena amene anapita kumeneko tinawaperekeza pa basi yakumudzi.

Gitala yanga yakale inali yopindika khosi, mawaya okhuthala, okwera. Inkaluma. Kuluma kumeneko n'kumene kunkandiuza kuti chala chafika pamalo. Thabwa lakenso linkanjenjemera pamimba, nyimbo n'kumaimva m'nthiti. Iyi ayi. Banjo inkalirira uko m'sipika, pamimba panga pali zii.

Ndinaimirira. Ndinafupikitsa lamba. Ndinakhalanso pa kireti, n'kudinikiza mwamphamvu kuti ndimve kanthu. Mawaya ofewawo anakokeka, mawu n'kukwera mopotoka.

"Madala, si jekihama iyi," anatero wa ku Tete. "Isisiteni ngati mayi akunyumba."

"Yofewa ngati mwiniwake," ndinatero.

Anaseka onse. Ine sindinaseke. Ndinatulutsa msomali m'thumba. Kwathu gitala ikagona mawaya timalowetsa msomali pansi pake, kumutu, kuti akwere. Mwiniwake anandigwira mkono. Anati pansi pa waya aliyense pali kakhutu ka kompyuta, ndikasokoneza pamenepo banjo ithawa, ndipo m'Rustenburg monse palibe woikonza. Anati vuto si gitala. Ndinati ndaimba zaka zambiri iye asanadziwe njira ya ku Joni. Anati n'zoona, koma ukwati ndi Loweruka.

Mkulu uja nthawi yonseyi ankayang'ana dzanja langa lamanzere.

"Achimwene, kale munkaimba mutatsinzina. Tatsinzinani."

Ndinatsinzina. Anayamba ng'oma pang'onopang'ono. Nyimbo yake ndinaiphunzira ndili mwana, ndikuweta mbuzi. Mutu unkadziwa njira yonse. Dzanja linkayenda, koma ngati la munthu wina. Khutu linamva mawu awiri abwino, kenako phokoso. Nditatsegula maso, chala chapakati chinali pakati pa mawaya, chikudinikiza thabwa lokha.

Palibe anaseka. Wa ku Tete anayamba kukulunga chingwe chimene chinali chokulungidwa kale.

Mkuluyo anafunsa kuti zayamba liti. Osadikira yankho, anati ku mgodi sakauza munthu, ndipo zimene zachitika m'kanyumba muno zithera momwemuno. Wa ku Tete anavomera ndi mutu. Kenako anati, motsitsa mawu tsopano, akhoza kufuna mawaya okhuthala m'tauni, mwina Lachisanu akhala atawapeza. Tonse tinkadziwa kuti Lachisanu n'kuchedwa.

Mkuluyo anapisa m'chikwama natulutsa maseche.

"Loweruka atsogolere mnzathuyu. Inu mugwire awa, mukhale pambali panga. Suti yanu ija tasita kale."

Anawaika pa bondo langa ndi manja awiri, mwaulemu.

Ndinavula lamba. Gitala ndinaigoneka pa bedi bwinobwino, poti inalibe mlandu. Maseche ndinawasiya pa kireti. Msomali unali ukadali pakati pa zala za kumanja, ndinaudziwa poti ndinauona.

Ndinakankha chitseko, fumbi n'kulowa. Kumbuyo wina anaitana kuti achimwene. Ndinatsata msewu wa matakisi, manja m'matumba.