Homurani Yomaliza ya Lonnie Kalthoff

Kwathu ku St. Ottilia, kamzinda ka alimi a ng'ombe zamkaka ku Minnesota, munthu akafuna kudziwa za banja lanu savutika n'kufunsa wansembe. Amangopita ku bwalo la besibo, n'kukaima pa kashedi kogulitsira mowa ndi hambaga, n'kuwerenga thabwa loyera limene lili pakhoma. Pathabwapo pali mayina a amene anasewerapo timu yathu, ndipo pambali pa dzina lililonse pali chiwerengero cha mahomurani ake, mipira imene anaimenya n'kudumpha mpanda kukagwera m'chimanga cha a Zenzen. Kwa zaka zoposa makumi atatu, pamwamba penipeni panali dzina limodzi: Alvin Kalthoff, 88. Chaka chimene ndikunenachi, pansi pake panali dzina la mwana wawo, Lonnie Kalthoff, nayenso 88. Awiri akafanana, wakale ndiye amakhala pamwamba. Palibe anakhazikitsa lamuloli, koma kaliphwanyeni muone.

Lonnie anali woyendetsa thanki ya mkaka. Ankazungulira mafamu m'mawa uliwonse, ng'ombe zikum'dziwa kuposa mmene achibale ena ankam'dziwira, chifukwa sanali munthu wolankhulalankhula. Anali wamtali, wamapewa aakulu, wa zaka makumi anayi ndi zitatu, msinkhu umene anzake ambiri amakhala atasiya kale kusewera n'kumangonenepa pa benchi. Timu yathu silipira munthu. Umasewera Lamlungu Misa ikatha, Lolemba n'kudzuka thupi lonse likuphwanya. Bondo lake lakumanzere linali litatheratu, moti potsika m'galimoto ankayamba waligwira ndi manja awiri. Dokotala anali atam'patsa kale tsiku la opaleshoni, ndipo mkazi wake Rhonda anali atanena mawu ake kamodzi kokha, monga amachitira akatsimikiza: "Chaka chino n'chomaliza, Lonnie. Sindikufuna kudzakukankhani pa njinga ya olumala chifukwa cha thabwa."

Koma Rhonda ankadziwa kuti nkhani si thabwa. Nkhani inali bambo ake a Lonnie.

A Alvin anali munthu woongoka mochititsa mantha. Anthu oterewa timawatama pamaliro, koma kukhala nawo nyumba imodzi ndi ntchito. Lonnie ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa masewero ake oyamba m'timu ya akuluakulu, anamenya mpira umene unakagwera kutali m'chimanga muja. Nthawi imeneyo a Alvin ankaima pambali pa besi yoyamba, poyamba pa malo anayi amene womenya mpira ayenera kuponda pozungulira bwalo, kumalangiza othamanga. Mnyamatayo, chisangalalo chitam'kwera m'mutu, analumpha besiyo osaiponda. Lifali sanaone. Adani sanaone. Amene anaona ndi bambo ake, ndipo anayankhula mokweza bwalo lonse likumva: "Sanaponde." Adani anaponyera mpira pa besipo, lifali anakweza dzanja, ndipo homurani yoyamba ya Lonnie inafera pomwepo. Madzulo ake patebulo, mayi ake akulira, a Alvin ankadula nyama yawo mosatekeseka.

"Mpira ukachoka pandodo si wakonso," anatero. "Usamauyang'ane. Yang'ana pamene ukuponda, ndi msana wa amene akuthamanga kutsogolo kwako. Ukam'dutsa ngakhale phazi limodzi, wafa, homurani yako yapita. Wamva?"

Anamva. Kuyambira tsiku limenelo Lonnie sanaonepo homurani yake ndi imodzi yomwe. Ankamenya, n'kuweramitsa mutu, n'kuzungulira mabesi ngati munthu amene wataya kiyi m'udzu, moti ana ankam'tsanzira kuseri kwa shedi. Zonse 88 anangozimva ndi makutu, pa phokoso la anthu. Ndipo pa zonsezo, bambo ake sananenepo kuti wachita bwino. Akati ayamikire ankangoti, "Woponyayo anali atatopa."

Ya 88 ija inabwera mu June, kenako basi, zinauma. Oponya a matimu ena anaidziwa nkhaniyo, nayamba kum'ponyera mipira yapansi ndi yakutali, palibe wofuna kuti dzina lake likumbukiridwe pa zoterozo. Lonnie anayamba kumenya mphepo. Pa mafamu alimi ankam'dikira pa khomo la khola ndi nthabwala zomwezomwezo.

"Nanga bwanji akulu, ndodo yachita dzimbiri?"

"Mkaka wanu ndi umene wachepa mafuta," ankayankha choncho, koma kuseka osaseka.

Anafika pomadana ndi thabwalo. Ankagula hambaga atalifulatira.

Lamlungu lomaliza la mu Ogasiti linacha ndi dzuwa loswa mtengo ndi kamphepo kochokera ku chimanga, kamene kamabweza mpira. Tinkasewera ndi timu ya ku Krain Corner, ndipo tonse tinali titagwa kale mu mpikisano, kotero kuti kupambana kunalibe ntchito kwa wina aliyense. Komabe anthu anadzaza mpaka ena kukhala pamwamba pa magalimoto. A Alvin, tsopano a zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, anali pa mpando wawo wopinda, pamalo awo a nthawi zonse, kuseri kwa waya moyang'anizana ndi besi yoyamba. Maso awo anali akadali akuthwa. Pa shedi, mayi Marge Lahr, amene amalemba thabwa lija, anali atabisa kachitini ka penti pansi pa kauntala, poopa kuti kakaoneka kabweretsa tsoka.

Ulendo woyamba Lonnie anamenya mphepo katatu. Wachiwiri anagudubuza kampira kofooka, nafa, ndiko kuti anatulutsidwa, asanafike pa besi, akutsimphina. Wachitatu mpira unakwera bwino, anthu n'kuimirira, koma mphepo ija inaubweza n'kugwera m'gulovu ya mdani pafupi ndi mpanda. Atabwerera pa benchi anakhala payekha. Anali ndi mantha, ndipo ankadziwa kuti aliyense akuona.

M'chigawo chomaliza cha masewerowo, chimene chimatha akafa atatu, anali atafa mmodzi yekha pamene Butch Rademacher anapita kukamenya, Lonnie akudikira pambuyo pake. Butch anali mnzake wa Lonnie kuyambira ku sukulu ya masisitere, wogulitsa matayala, munthu wamimba yake, wothamanga ngati akukankha wilibala yodzaza. Woponya anam'ponyera mipira inayi yoipa, ndipo Butch anayenda ulere kupita pa besi yoyamba. Asananyamuke anatembenuka.

"Aise, uimenye ipite kutali. Ine zothamanga sindinabwerere."

"Ungoyenda, usaime," anatero Lonnie.

Mpira woyamba unadutsa pansi. Wachiwiri anaumenya n'kupita kumbali, kunja kwa mzere. Wachitatu anauphonya, bondo lija n'kum'baya mpaka anagwada. Bwalo linali zii, kumangomveka anyezi akulira pa chiwaya ku shedi. Woponya wa ku Krain Corner, mnyamata wamphamvu koma wosaleza, anatopa nazo zozembazemba, naponya wachinayi pakati penipeni.

Kulira kwa ndodo kunali kwabwino, koma mpirawo unakwera kwambiri, ndipo mphepo inali ikadalipo. Wowakha wa kumanja anathamangira ku mpanda, naima, nakweza gulovu ngati wauona kale pogwera. Butch anali atafika pakati pa besi yoyamba ndi yachiwiri. Ataona gulovu ija m'mwamba anachita zimene wothamanga aliyense wanzeru amachita: anayamba kubwerera, kuti mpira ukawakhidwa asam'phere kutali ndi besi yake.

Ndipo Lonnie, amene moyo wake wonse anathamanga chowerama, tsiku limenelo anadzutsa mutu. Musandifunse chifukwa. Mwina anafuna kuonako imodzi yokha asanasiye. Anaponda besi yoyamba maso ali kumwamba, nakhota, akuuona mpira uja ukutsika pang'onopang'ono, ukudutsa pamwamba pa gulovu, pamwamba pa mpanda, n'kulowa m'chimanga. Bwalo linaphulika. Atatsitsa maso, kutsogolo kwake kunalibe msana wa munthu. Butch anali pambali pake, kumbuyo pang'ono, pakamwa pali yasa.

Linali phazi limodzi, mwina awiri. Butch analumpha n'kukhala kutsogolo msangamsanga, liwiro limene sitinamuonepo nalo, ndipo awiriwo anapitiriza kuzungulira. Koma Lonnie ankadziwa kuti wam'dutsa. Anaponda besi yachiwiri, yachitatu, anthu akukuwa dzina lake, iye akungomva mawu amodzi a patebulo paja. Pofika pomalizira anzake anam'kumbatira, kum'menya pamsana, Rhonda akulira kuseri kwa waya. Iye sanayang'ane kumene kunali mpando wopinda.

Wa pa besi yoyamba wa ku Krain Corner ndiye anali akulumphalumpha, akuloza pansi. "Wam'dutsa! Lifali, wam'dutsa mnzakeyo!"

Malifali anali awiri. Wina anali atathamangira ku mpanda kukaona ngati mpira watuluka, winayo naye maso anali komweko. Anakumana pakati pa bwalo, nagundanitsa mitu, ndipo aliyense ankaoneka kuti akufuna mnzake ndiye ayankhule. Phokoso linayamba kuzilala, chifukwa kwathu kuno ngakhale agogo aakazi amalidziwa lamulo limenelo.

Apo m'pamene a Elroy Dingmann, mkulu wa timu ya ku Krain Corner, anatuluka pa benchi yawo. Anali nkhalamba inzawo ya a Alvin, ndipo anaponyerapo a Alvin mipira yambiri imene ili m'gulu la 88 lija. Sanapite kwa malifali. Anayenda molunjika ku waya, chipewa chili m'manja.

"Alvin, iwe unali pompano, ndipo bodza sulidziwa. Ukanena kuti sanam'dutse, ine ndikukakhala pansi. Wam'dutsa kapena ayi?"

M'buku la malamulo mulibe zofunsa woonerera. Koma malifali onse awiri anali atatembenuka, akudikira, ndipo tonse tinkadziwa kuti chimene a Alvin anene ndicho chichitike. Lonnie anaima chilili pakati pa anzake, chisoti chikadali kumutu. Anayang'ana bambo ake tsopano, ndipo anapeza kuti iwo akumuyang'ana kale. Panalibe chokayikitsa. A Alvin anaona zonse, monga ankaonera nthawi zonse. Lonnie anamva manyazi a mnyamata uja wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akum'bwerera onse, ndipo pansi pa mtima anangoti, nenani bambo, tithane nazo.

A Alvin anasuntha ndodo yawo yoyendera kuchoka pa bondo lina kupita pa linzake.

"Sindinaone, Elroy," anatero. "Ndimayang'ana mpira."

A Elroy anawayang'ana nthawi yaitali. Anthu awiriwa anadziwana zaka zoposa makumi asanu, ndipo panalibe munthu m'chigawo chonse amene sankadziwa kuti Alvin Kalthoff sayang'ana mpira. Kenako anavala chipewa chawo, nauza mnyamata wawo uja kuti atseke pakamwa, n'kubwerera pa benchi. Lifali anazunguza chala m'mwamba. Homurani.

Masewero atatha, mayi Marge anakwera pa kreti ya mowa ndi burashi yawo. Anafuta mayina awiri apamwamba ndi penti yoyera, nadikira kuti iume pang'ono anthu akumwa, kenako analemba Lonnie Kalthoff, 89, ndipo pansi pake Alvin Kalthoff, 88. Butch anam'patsa Lonnie botolo osamuyang'ana kumaso, nachoka. Mpaka lero awiriwa sanaikambepo nkhaniyi.

Lonnie anasiya chikondwererocho n'kutsimphinira ku waya, kumene bambo ake anali akulimbana ndi mpando wawo, ukukana kupindika. Anawalanda mpandowo, naupinda, naukolera m'khwapa. Anayenda limodzi kulowera ku galimoto, onse awiri akukoka mwendo.

"Bambo," anatero Lonnie chapansipansi, "munaona."

"Ndanena kale zimene ndanena."

"Simunayambe mwayang'anapo mpira chibadwire."

A Alvin anaima. Nkhope yawo inali yotuwa, yotopa, ngati ya munthu amene wanyamula katundu woposa msinkhu wake. Lonnie anazindikira kuti bodza limenelo lawapweteka kwambiri kuposa kutsika pa thabwa. Zaka zonsezi ankafuna kuwaposa, koma sanaganizepo kuti zidzatheka mwa njira imeneyi, iwo atawerama dala kuti iye adutse.

"Ija yoyamba ija," anatero a Alvin, akuyang'ana ku chimanga cha a Zenzen, "inapita kutali kuposa ya lero. Mayi ako anamwalira asanandikhululukire."

Anatsegula chitseko cha galimoto okha, nakana dzanja limene Lonnie anawapatsa. Atakhala pansi anapumira m'mwamba, kenako anayankhula osatembenuka.

"Unamenya bwino, mwana wanga. Woponyayo sanali wotopa."